Mphaka wanga ndi wamantha ndipo tikusamuka: ndimuthandize bwanji?

Mwini wa Phulusa analemba:

Moni kwa nonse amene mumaweta amphaka. Ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere masiku ano. Pakatha milungu itatu, banja lathu lisamuka m'nyumba imene takhalamo zaka 6 kupita ku nyumba ina imene ili pa mtunda wa makilomita atatu okha, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa si katundu kapena galimoto yonyamulira, koma mphaka wathu.

Mphakayu ndi wamwamuna, wofulidwa, ali ndi zaka 5, ndipo tinamutcha Phulusa chifukwa cha maonekedwe a ubweya wake. Chibadwire ndi wamantha. Mlendo akangogogoda pachitseko, iye amathawira pansi pa bedi ndipo satulukako kufikira nyumba yonse itati zii. Bokosi lonyamulira amphaka akangoliona amasowa tsiku lonse, chifukwa pa moyo wake wonse amalowamo pokhapokha tikamapita naye kokabayitsa katemera. Masana amatuluka n'kumazungulira pabwalo, koma sapita kutali, ndipo dzuwa likamalowa amabwerera yekha.

Chiyambireni kulongedza katundu m'makatoni mlungu wathawu, khalidwe lake lasintha. Chakudya akungodya theka, kawiri konse wakodzera pa mulu wa zovala zimene ndinazisiya pansi, chinthu chimene sanachitepo n'kale lonse, ndiponso akudzinyambita pamimba mosalekeza moti ubweya wayamba kuthothoka pamalopo. Amuna anga akuti n'chipongwe chabe ndipo adzazolowera yekha, koma ine mtima wanga sukuvomereza zimenezo.

Ndikufuna kudziwa zimene ndingachite pa milungu yatsalayi kuti mantha ake achepe, ndiponso mmene ndingamusamalire pa tsiku lenileni losamukalo, pamene zitseko zidzakhale zotsekula ndipo anthu achilendo adzakhale akulowa ndi kutuluka. Kodi n'koyenera kumupatsa mankhwala ogonetsa? Nanga tikakafika, ndimutsekere m'nyumba kwa masiku angati ndisanamulole kutuluka? Ndithokoza aliyense amene angandiunikire.

Woweta amphaka atatu anayankha:

Mayi, pepani ndi nkhawa imeneyi. Ine ndasamukapo kanayi ndi amphaka, ndipo ulendo woyamba ndinalakwitsa pafupifupi chilichonse, choncho zimene ndilembe pano ndinaziphunzira movutikira.

Poyamba ndikupempha kuti muwauze bambo a kunyumbako kuti mphaka sadziwa chipongwe. Ife anthu timazindikira nyumba yathu ndi maso, koma mphaka amaizindikira makamaka ndi mphuno. M'masaya mwake, pachibwano, pafupi ndi makutu ndiponso pakati pa zala za kumapazi muli tiziwalo totulutsa fungo limene ife sitilimva, ndipo nthawi iliyonse imene iye akukwecha tsaya lake pa mwendo wa tebulo kapena pa mphuthu ya chitseko, amakhala akusiya chizindikiro chomuuza kuti malowo ndi ake ndipo palibe choopsa. Kwa zaka zonsezi Phulusa wakhala akulemba zizindikiro zimenezi m'nyumba mwanu. Tsopano mipando ikusunthidwa, mabuku akulowa m'makatoni a fungo lachilendo, ndipo zizindikiro zake zikufufutika iye akuona. Kukodzera pa zovala zanu kungakhale kuyesa kusakaniza fungo lake ndi lanu pamalo amodzi kuti mtima ukhale pansi. Mukamukalipira kapena kumumenya, mungomuwonjezera chinthu china choopa, ndipo chinthucho chidzakhala inuyo.

Khalidwe limeneli linachokera kutali. Kholo la amphaka a pakhomo ndi mphaka wa kutchire wa ku Africa ndi ku Middle East, amene amasaka yekha ndipo moyo wake umadalira kudziwa bwino dera lake, ndiye kuti pobisala, pothawira ndi popezeka chakudya. Galu akaona mbuye wake pamalo achilendo amakhazikika msanga, koma mphaka amafuna kuti malowo awadziwe kaye.

Pa milungu itatu yatsalayi, sankhani chipinda chimodzi chimene mudzachilongedze pomalizira penipeni, ndipo muikemo mbale zake, madzi, thireyi ya mchenga imene amadzithandiziramo ndi chogonera chake kuyambira lero. Nthawi ya chakudya isasinthe ngakhale pang'ono, chifukwa pamene zinthu zina zonse zikusokonekera, nthawi yodyera ndiyo yokha imene iye angaidalire. Bokosi lonyamulira lija litulutseni tsopano, osati m'mawa wa tsiku losamuka. Chotsani chitseko chake, yalanimo kansalu kamene iye amagonapo, ndipo muliike pakona ya chipindacho n'kulisiya ngati kuti mwaliiwala. Pakapita masiku awiri kapena atatu yambani kuika mbale ya chakudya pafupi nalo, kenako pakhomo pake, kenako m'kati. Musamukankhiremo. Cholinga n'chakuti bokosilo lisanduke phanga lake lobisalamo, lisakhalenso chizindikiro cha jakisoni.

Pali chinthu chimene ambiri timalakwitsa chifukwa chokonda ukhondo. Timafuna kulowa m'nyumba yatsopano ndi zinthu zochapachapa, mwinanso kugulira mphaka chogonera chatsopano. Musatero. Bulangete lake lisachapidwe, mtengo kapena bolodi limene amanolerapo zikhadabo lipite momwe lilili, mtundu wa mchenga usasinthe, ndipo mutengeko mchenga pang'ono umene waugwiritsa kale ntchito kuti mukauthire pamwamba pa watsopano. Zinthu zakuda ndi zothaitha zimenezi ndizo nyumba yake yeniyeni.

Pa tsiku losamuka, m'tsekereni m'chipinda chija anthu onyamula katundu asanafike, ndipo pachitseko mumatepo pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti chisatsekulidwe. Ngati chili ndi kiyi, kiyiyo ikhale m'thumba mwanu. Iye achoke pomalizira, m'galimoto imene mwakweramo inuyo, osati m'lole ya katundu. Bokosilo muliphimbe ndi nsalu yopepuka, muliike pansi kumbuyo kwa mpando wakutsogolo kapena mulimange ndi lamba, ndipo ngakhale alire chotani, musalitsekule m'njira.

Ku nyumba yatsopano musamupatse nyumba yonse nthawi imodzi. Konzani chipinda chimodzi chabata, tsekani mawindo ake, ndipo mufufuze mabowo onse amene mphaka angalowemo, monga kuseri kwa kabati kapena kudenga, popeza mphaka wamantha amatha kudzipanikiza pa kampata kamene simungakhulupirire. Thireyi ya mchenga ikhale kutali ndi chakudya, madzinso akhale payekha. Muikemo katoni yopanda kanthu yogonekedwa cham'mbali ndi malo ena okwera, chifukwa mphaka amene ali ndi pobisala amalimba mtima msanga kuposa amene wasiyidwa poyera. Mukatero tsekulani bokosi lija, tulukani, ndipo mum'siye atuluke pa nthawi yake. Wanga wina anakhala m'bokosi mpaka pakati pa usiku.

Masiku otsatirawo tengani kansalu kofewa, musisite nako masaya ake ngati akulola, ndipo mukapukute nako ngodya za makoma, miyendo ya mipando ndi mphuthu za zitseko pa msinkhu wa mutu wake, kuti akamadzatuluka adzapeze fungo lake litamutsogolera kale. Muzilowa m'chipindamo n'kukhala pansi, kuwerenga buku kapena kulankhula motsitsa mawu, osamuyang'anitsitsa, pakuti kwa mphaka kuyang'anitsitsa n'kuopseza. Maso anu akakumana ndi ake, phethirani pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali. Akatswiri a pa yunivesite ya Sussex anafalitsa kafukufuku mu 2020 wosonyeza kuti amphaka amayankha kuphethira kotereku ndipo amayandikira mosavuta munthu amene wawachitira zimenezi. Mukadzaona kuti akudya bwino, akugwiritsa ntchito mchenga, ndipo akukulandirani mchira uli m'mwamba, tsekulani chitseko madzulo nyumba ili chete, ndipo chipinda chija chikhalebe chotsekula kuti azithawiramo akadzidzimuka.

Wothandiza ku chipatala cha ziweto anayankha:

Zimene alemba woweta amphaka atatu pamwambapa ndi zoona ndipo sindibwerezanso. Koma pali mawu awiri m'funso lanu amene andichititsa kuti ndisangodutsa, ndiwo akuti mphakayo ndi wamwamuna ndipo wayamba kukodzera pamalo achilendo. Ndikukupemphani kuti mupite naye kwa dokotala wa ziweto mlungu uno, musadikire kuti musamuke kaye.

Nkhawa mwa amphaka siithera mumtima mokha. Kawirikawiri imatupitsa chikhodzodzo popanda kachilombo kalikonse, ndipo mphaka amamva kuwawa pokodza, n'kuyamba kudana ndi thireyi ya mchenga chifukwa akuiona ngati gwero la ululuwo. Kudzinyambita pamimba kungachokere ku nkhawa, ku utitiri, kapenanso ku ululu wa chikhodzodzo chomwecho, chimene chili pansi pa malo amene akunyambitawo. Kwa mphaka wamwamuna nkhaniyi ndi yoopsa kwambiri chifukwa njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo imatha kutsekeka. Mukaona akupita ku mchenga pafupipafupi, akudzikakamiza koma osatulutsa kanthu kapena kungodontheza timadontho, akulira pokodza, kapena mkodzo uli ndi magazi, musayembekeze kuti kuche. Njira ikatsekeka kotheratu, impso zimalephera kugwira ntchito, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi n'kusokoneza mtima, ndipo mphaka angafe pa tsiku limodzi kapena awiri. Anthu ambiri amaganiza kuti mphakayo wadzimbidwa, n'kutaya nthawi. Pa chifukwa chimenechi, m'masiku oyambirira ku nyumba yatsopano muziyang'ana mchenga m'mawa ndi madzulo kuti mutsimikize kuti wakodza.

Chachiwiri ndi chakudya. Kudya pang'ono tsiku loyamba kapena lachiwiri si zachilendo, koma mphaka sapirira njala monga galu. Akakhala masiku angapo osadya, mafuta a m'thupi amathamangira ku chiwindi n'kuchilemetsa mpaka kulephera ntchito, makamaka ngati mphakayo ndi wonenepa. Akatha maola 24 osalawa kanthu, imbirani dokotala, ndipo musalole kuti afike masiku awiri. Chakudya chofewa chotenthetsedwa pang'ono chimanunkhira kwambiri ndipo chimakopa, komanso chimawonjezera madzi m'thupi, zimene zimathandiza chikhodzodzo. Pa tsiku la ulendo mum'patse chakudya chochepa maola atatu kapena anayi musananyamuke kuti asasanze m'njira.

Za mankhwala, musamupatse chilichonse cha m'kabati yanu. Paracetamol ndi poizoni kwa mphaka chifukwa chiwindi chake sichitha kuwaphwanya monga chimachitira cha munthu, ndipo piritsi limodzi lingamuphe. Ibuprofen nayenso ndi woopsa. Mankhwala amene madokotala ambiri amalemba masiku ano pofuna kuchepetsa mantha a mphaka pa ulendo ndi gabapentin, amene amaperekedwa pafupifupi maola awiri ulendo usanayambe, koma mlingo wake ayenera kuupereka dokotala atamuyeza mphakayo ndi kuona mmene impso zake zilili. Ndi bwino kuwayesa tsiku lina kusamuka kusanafike, chifukwa amphaka ena amadzandira nawo ndipo sayenera kukwera pamalo aatali. Mankhwala ogonetsa akale monga acepromazine amafooketsa thupi koma sachotsa mantha, moti nyama imaoneka yodekha kunja pamene m'kati ikuvutikabe. Ulendo wanu ndi wa mphindi zochepa, choncho mukakambirane ndi dokotala ngati mankhwalawo akufunika chifukwa cha phokoso la tsiku lonselo osati chifukwa cha galimoto yokha.

Palinso mankhwala a fungo monga Feliway, amene amatsanzira fungo la m'masaya lija. Amphaka ena amawathandiza, ena ayi, ndipo sangalowe m'malo mwa chipinda chabata. Ngati mwagula olumikiza ku magetsi, mukawayatse m'chipinda chatsopanocho kudakali tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ndi opopera, poperani m'bokosi n'kudikira mphindi 15 musanalowetsemo mphaka, kuti fungo la spiriti limene lilimo liuluke.

Pamalo pamene wakodzera musatsukepo ndi mankhwala okhala ndi ammonia, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limamuitana kuti abwerezenso. Ku nyumba yatsopano fufuzani ngati amene anatulukamo sanasiye mankhwala a makoswe kuseri kwa makabati, ndipo wina akakubweretserani maluwa a mtundu wa lily okulandirani, asalowe m'nyumba, pakuti ngakhale ufa wa duwalo umawononga impso za mphaka. Ngati ali ndi microchip, kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu kothandiza kuzindikira mwini wa chiweto, sinthitsani adiresi ndi nambala ya foni musanasamuke. Pomaliza, mphaka sapuma ndi pakamwa monga galu, choncho mukamuona akupuma wefuwefu kukamwa kuli yasa ndipo sakusiya atapumula, ameneyo ndi wofunika dokotala nthawi yomweyo.

Bambo wa Kamdima anayankha:

Mayi, ine ndilankhulapo pa funso lanu lomaliza lokha, chifukwa ndi pamene ndinapsa. Mtunda wa makilomita atatu umene mukuuona ngati mwayi ndiwo vuto lalikulu. Kusamukira kutali n'kosavuta pa nkhani iyi, popeza mphaka alibe kobwerera, koma nyumba yakale ikakhala pafupi, iye akangotuluka n'kupeza njira imene akuidziwa, amalunjika kwawo.

Wanga ndinam'tulutsa patangopita masiku anayi chifukwa ankalira pachitseko usiku wonse ndipo ndinamumvera chisoni. Anasowa masiku awiri, ndipo tinakam'peza atakhala pakhonde la nyumba yakale, atawoloka msewu waukulu umene ngakhale ine ndimauopa. Zinachitika katatu. Chimene chinkakulitsa vutolo n'chakuti anthu amene analowa m'nyumbamo, mwa chifundo chawo, ankamupatsa chakudya, ndiye iye analibe chifukwa chokhulupirira kuti wasamuka. Ndinawapempha kuti asamamudyetse kapena kumulowetsa m'nyumba koma azingondiimbira foni, ndipo ndikukulangizani kuti pempho lotere mulipereke musanachoke, pamodzi ndi chithunzi cha mphakayo.

Ambiri amanena kuti milungu iwiri kapena itatu ndi yokwanira kum'sunga m'nyumba. Kwa mphaka wolimba mtima amene wasamukira kutali mwina n'zoona, koma kwa wamantha ngati wanuyo, amenenso kwawo kwakale kuli pafupi, ine sindingamutulutse isanakwane milungu inayi, ndipo wanga anakhazikika nditam'sunga milungu 6. Kulira kwake kudzakupwetekani mtima, koma pirirani, ndipo muchenjeze aliyense m'nyumbamo za zitseko ndi mawindo.

Tsiku loyamba kum'tulutsa likhale lopanda mvula ndi mphepo, m'mawa, asanadye, ndipo inu mukhale ndi nthawi yokhala naye. Musamunyamule n'kukamuika pakati pa bwalo. Tsekulani chitseko, tulukani inuyo, ndipo iye akutsatireni ngati akufuna, chitsekocho chikhale chotsekula kuti athe kuthawiramo. Pakapita mphindi khumi gogodani mbale yake monga mumachitira nthawi zonse, alowe, adye. Mawa lake onjezerani nthawi pang'ono. Kumbukiraninso kuti bwalo limene inu mwalipeza lopanda mwini, kwa amphaka a m'deralo lili ndi mwini wake kale, ndipo kuthamangitsidwa ndi mphaka wina pa tsiku loyamba ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimasocheretsa mlendo. Za mankhwala a fungo aja, ine ndinagula ndipo sindinaone kusintha kulikonse, koma sinditsutsa amene anawathandiza.

Mwini wa Phulusa analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Dzulo ndinapita naye kwa dokotala, ndipo anapeza kuti chikhodzodzo chake n'chotupa koma njira sinatsekeke. Watipatsa mankhwala ochepetsa ululu ndipo watilangiza kuti tizimupatsa chakudya chofewa. Amuna anga atamva zimenezi anakhala chete kwa kanthawi, kenako anapita okha kukachotsa chitseko cha bokosi lija.

Ndatsala ndi mafunso ena pang'ono. Mnzanga wina akuti ndikadzafika ndidzam'pake batala kumapazi kuti aiwale nyumba yakale, kodi zimenezi zili ndi maziko? Mchemwali wanganso wadzipereka kuti amusunge kwawo masiku atatu mpaka titamaliza kukonza m'nyumba, ndipo sindikudziwa ngati ndivomere. Komanso mwana wathu wa zaka 7 amamukonda kwambiri, moti akamuona wabisala amafuna kum'koka kuti amutonthoze.

Woweta amphaka atatu anayankhanso:

Ndasangalala kuti munapita naye msanga. Za batala zisiyeni. Amene amakhulupirira zimenezi amati mphaka akamanyambita mapazi amachotsa fungo la kwawo kwakale, koma iye sakumbukira kwawo ndi mapazi, ndipo kugwira mphaka wamantha n'kumupaka mafuta pa tsiku limene wasokonezeka kale kungangomuwonjezera mantha n'kukusiyirani madontho pansi ponse.

Kwa achemwali anu ine sindingavomere, ngakhale kuti cholinga chawo n'chabwino. Kumeneko kudzakhala kusamuka kawiri m'malo mwa kamodzi, ndipo mphaka amene chikhodzodzo chake changotupa kumene ndi wofunika kuti mchenga wake muziuona inuyo. Zikanakhala kuti kumeneko anazolowerako kale, kapena kuti ku nyumba yatsopano kulibe chipinda chotsekeka, ndikanayankha mosiyana. Ngati mungalandire makiyi kudakali tsiku limodzi, kakonzeni chipinda chake dzulo lake, kuti akadzafika adzangolowa n'kutsekeredwa pamene katundu akutsitsidwa mbali ina.

Mwanayo musamuletse kulowa, koma mum'patse ntchito. Akhale iye woika chakudya pa nthawi yake ndi wosintha madzi, ndipo mumuuze kuti lamulo la m'chipindamo ndi lakuti munthu amakhala pansi, mphaka ndiye amabwera. Angathe kumuwerengera buku la kusukulu motsitsa mawu, kapena kukoka kachingwe pansi pafupi ndi pobisalapo, bola akamaliza achotse chingwecho, chifukwa mphaka akachimeza chimavulaza matumbo. Masewera otere akachitika madzulo, chakudya n'kubwera pambuyo pake, amachepetsanso kulira kwa usiku kumene bambo wa Kamdima anena. Mudzatiuze mmene zidzakhalire pa mlungu woyamba, makamaka za mchenga ndi kadyedwe.